Mvekero ndi Chibwereza cha Maliwu Pophunzitsa Ana Kuwerenga: Zitsanzo za ku Linthipe

1.0 MAU OYAMBA

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza zinthu ziwiri zimene zimapezeka m'kamvekedwe ka Chichewa, ndiponso kuonetsa m'mene zingathandizire mwana amene akuyamba kumene kuwerenga. Choyamba ndi mvekero, ndiye kuti mau monga phwa, bii ndi zii. Chachiwiri ndi chibwereza cha liwu loyamba, chimene chimamveka pamene mau angapo otsatana ayamba ndi liwu limodzimodzi. Mfundo yathu ndi yakuti mwana wa zaka 6 amafika ku Sitandade 1 atazidziwa kale zinthu ziwirizi, ndipo mphunzitsi amene azinyalanyaza amataya khasu lakuthwa nayamba kulima ndi manja.

Zitsanzo zathu tazikhazika pa Chichewa cha ku Linthipe, m'boma la Dedza. Malowa ali pa mseu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, ndipo dzina lake ndi la mtsinje umene umakathira m'Nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Pafupi pomwepo pali mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula zakale za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Chifukwa chenicheni chosankhira deralo ndi ichi: ana ambiri kumeneko amayamwira Chichewa. Mwana wa ku Karonga kapena wa kumidzi ya ku Mangochi akavutika kuwerenga Chichewa, tinganene kuti chiyankhulocho ndi chachilendo kwa iye. Za mwana wa ku Linthipe sitinganene chotero. Iye akavutika, vuto liyenera kuti lili pa mlatho wochokera ku chimene khutu limamva kupita ku chimene diso limaona pa bolodi. Ziganizo za zitsanzo tazipeka tokha, kupatula miyambi.

2.0 KODI MVEKERO N'CHIYANI?

Mau a mtundu umenewu anayamba kulembedwa kalekale. David Clement Scott anaika ambiri mwa iwo m'dikishonale yake ya Chimang'anja ya mu 1892. Koma amene anawapatsa malo aoao m'galamala ya ziyankhulo za Chibantu ndi Clement Doke wa ku Johannesburg, m'buku lake la mu 1935, momwe anawatcha ideophone, nawafotokoza ngati mau ojambula ganizo ndi kamvekedwe kao. Pa Chichewa penipeni, Andrew Kulemeka analemba za mau amenewa pa maphunziro ake a udokotala ku Indiana mu 1993.

Tiyeni tione magulu atatu a zitsanzo:

(1) a. Mwala unagwera mumtsinje, chubwi!
b. Mphika unangoti phwa!
c. Panamveka kugogoda pachitseko, gogogo!
d. Tambala analira, kokoliliko!

(2) a. Makala ndi akuda bii.
b. Ufa wayera mbee.
c. Matimati apsa psuu.
d. Dambo lonse lili biriwiri.

(3) a. M'mudzi munali zii.
b. Mlendoyo anangokhala duu.
c. Madzi ali tololo mumtsuko.
d. Nthaka yauma gwa.

Mau a m'gulu (1) amatsanzira phokoso lenileni. Awa ndiwo amene m'Chingerezi amati onomatopoeia. Koma a m'gulu (2) ndi (3) satsanzira phokoso lililonse, pakuti kuda kulibe phokoso, ndipo zii ndi mau ofotokoza kusowa kwa phokosolo. Apa mpamene pagona kusiyana kwakukulu. M'Chingerezi mau otsanzira phokoso ndi ochepa, ndipo ambiri amawaona ngati a m'mabuku a ana kapena zokometsera za alakatuli. M'Chichewa mvekero ndi gulu lalikulu la mau, la akulu ndi ana omwe, lofikira ku maonekedwe, kayendedwe, kakomedwe ndi kakhalidwe ka chinthu. Ngakhale ndalama yaing'ono ya ku Zambia, imene inayamba mu 1968, dzina lake ndi mvekero wa kuwala: ngwee. Tsono mphunzitsi amene atengera kaphunzitsidwe ka Chingerezi, nathera pa kulira kwa tambala ndi kwa mbuzi, wangokhudza kachigawo kakang'ono ka nkhokwe imene mwana wabwera nayo.

Ferdinand de Saussure, m'maphunziro ake amene anasindikizidwa mu 1916, anaphunzitsa kuti palibe ubale wachibadwa pakati pa kamvekedwe ka mau ndi tanthauzo lake. Pa mau ambiri zimenezi n'zoona: palibe chimene chili m'maliwu a mau oti nyemba chofanana ndi nyembazo. Komabe mu 1929 Edward Sapir anaonetsa kuti anthu ambiri akapatsidwa mau awiri opeka, mil ndi mal, amasankha mal kukhala dzina la chinthu chachikulu. Mu 2008 Mutsumi Imai, Sotaro Kita ndi anzao anapeza kuti ana a zaka 3 a ku Japan, kumene chiyankhulo chao chilinso ndi mau ambiri a mvekero, amagwira msanga mneni watsopano ngati kamvekedwe kake kakugwirizana ndi ntchito imene akuiona. Motero mvekero si chibwana cha chiyankhulo ayi. Ndi chimodzi mwa zipata zimene mwana amalowera nazo m'chiyankhulo.

3.0 M'MENE MAU A MVEKERO AMASIYANIRA NDI MAU ENA

Pali zizindikiro zinai zimene tiyenera kuzitchula, chifukwa chilichonse chili ndi phindu lake m'kalasi.

Choyamba, mau a mvekero satenga mphatikiram'mbuyo kapena mgwirizanitsi. Mfotokozi amasintha potsata dzina: chinthu chakuda, zinthu zakuda, kanthu kakuda. Koma bii sasintha: chakuda bii, zakuda bii, kakuda bii. Mwana akaphunzira kuwerenga bii kamodzi, wamaliza.

Chachiwiri, mau a mvekero angathe kukhala a phatikizo limodzi. Mau ambiri a Chichewa safuna kuima ndi phatikizo limodzi lokha. Umboni wake uli pa aneni a tsinde lalifupi monga -dya ndi -mwa: polamula sitinena kuti dya kapena mwa, koma timaonjezera liwu kuti maphatikizo akwane awiri, n'kunena kuti idya, imwa. Mau a mvekero lamuloli siliwakhudza, n'chifukwa chake tili ndi phu, gwa, thyo ndi phwa. Awa ndiwo mau aafupi koposa okhala ndi tanthauzo lathunthu amene mphunzitsi angawalembe pa bolodi.

Chachitatu, mau wamba akakhala kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga momwe timakokera nyu m'mau oti nyumba. M'mau ambiri a mvekero timakoka liwu lomaliza, ndipo utali wa kukokako uli ndi tanthauzo: kukati zii kwa nthawi yaitali, woyankhula amakokanso liwulo nthawi yaitali. Chimodzimodzinso kubwereza. Bango limodzi likagwa timati phu, koma akamagwa motsatana timati phu phu phu. Kuwala kobwerabwera timati waliwali kapena ng'aning'ani.

Chachinai, aneni ambiri ndi maina ena ali pa ubale woonekeratu ndi mau a mvekero:

(4) nyamu: kunyamuka, kunyamula
tembenu: kutembenuka, kutembenuza
gubudu: kugubuduka, kugubuduza
balala: kubalalika, kubalalitsa
thyo: kuthyoka, kuthyola
zyoli: kuzyolika
ng'ani: kung'anima

Wowerenga aona kuti mphatikiram'tsogolo -ka akuonetsa chinthu chochitika pa icho chokha, pamene -la, -za ndi -tsa akuonetsa kuti pali wina wochititsa. Pa maina tingatchule chiphaliwali, mwanapiye, ndiponso mthuthuthu, dzina limene anthu anapatsa njinga yamoto pomvera kulira kwa injini yake. Dzina lomalizali likutionetsa kuti njira yopangira mau kuchokera ku phokoso sinafe ndi makolo athu. Kwa mwana wa Sitandade 2 kapena 3, mndandanda wa mu (4) ndi makwerero: amayambira pa mau aafupi amene amawadziwa, nakwera kufika pa mau aatali a maphatikizo anai kapena asanu.

4.0 CHIBWEREZA CHA LIWU LOYAMBA

Chibwereza chimenechi chili pawiri m'Chichewa. Pali chimene galamala imabweretsa yokha, ndipo pali chimene woyankhula amachita kusankha.

Cha mtundu woyamba chimachokera ku agwirizanitsi. M'mishonale William Boyce, polemba galamala ya Chixhosa mu 1834, anazindikira kuti mphatikiram'mbuyo wa dzina amabwerezedwa pa mau ena onse ogwirizana nalo, ndipo Wilhelm Bleek, m'mabuku ake a mu 1862 ndi 1869, anaonetsa kuti khalidweli ndi la banja lonse la ziyankhulo zimene anazitcha za Chibantu. Taonani:

(5) a. Chimanga chathu chonse chacha.
b. Zipatso zathu zonse zapsa.
c. Kamwana kathu kakang'ono kakulira.
d. Tiana tathu titatu tikusewera.
e. Pamsika pathu pano pali phokoso.

Mlakatuli wa Chingerezi amatuluka thukuta kuti apeze mau anai otsatana oyamba ndi liwu limodzi. Mwana wa ku Linthipe amachita zimenezi tsiku ndi tsiku osadziwa n'komwe. Koma tichenjere, pakuti si magulu onse a maina amene amaonetsa chibwerezachi poyera:

(6) a. Mtengo wathu wagwa.
b. Nyumba yathu yagwa.
c. Dzira lathu lasweka.

Mu (6) agwirizanitsi akufanana okhaokha, koma sakufanana ndi chiyambi cha dzina. Choncho poyamba mphunzitsi asankhe maina a m'magulu a Chi-Zi ndi Ka-Ti, ndi osonyeza malo a Pa, Ku ndi Mu, ndipo magulu enawo adze pambuyo.

Chibwereza cha mtundu wachiwiri chimakhala pa matsinde a mau, ndipo ndicho chimafuna luso:

(7) a. Gogo wagula galu ku Golomoti.
b. Khoswe wakhala m'khola la nkhuku.
c. Dengu la deya la ku Dedza ladula.

Makolo anagwiritsa ntchito mitundu yonse iwiri popeka miyambi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene miyambi siiwalikira. M'mwambi wakuti "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe" agwirizanitsi ndiwo akumanga mwambiwo. M'mwambi wakuti "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto" liwu la m likubwerezedwa pa mau atatu otsatana, ndipo pa moto chibwerezacho chachita kusankhidwa. M'mwambi wakuti "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" timamva k katatu mwambi usanafike pakati.

Tiyeneranso kunenapo za kufanana kwa maliwu a kumapeto kwa mau, kumene ndakatulo zambiri za ana za Chingerezi zimadalira. M'Chichewa mau onse amathera ndi limodzi mwa maliwu asanu a, e, i, o, u, ndipo aneni ochuluka zedi amathera ndi a. Kufanana kwa kumapeto kumangochitika kokha, kotero kuti khutu silikutenga ngati chinthu chodabwitsa. Chimene chimasintha m'mau a Chichewa, nichinyamula uthenga wa nthawi, wa wochita ndi wa chiwerengero, kawirikawiri chimakhala kumayambiriro. Khutu la mwana linazolowera kale kutchera kumeneko.

5.0 KUCHOKERA KU KHUTU KUFIKA PA BOLODI

Mu 1983 Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku Oxford anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana pafupifupi 400 a zaka 4 ndi 5. Anapeza kuti ana amene ankatha kuzindikira mau ofanana maliwu asanayambe kuwerenga ndiwo anadzawerenga bwino patapita zaka zingapo, ndiponso kuti kuphunzitsa luso limeneli kumathandiza kwambiri likaphunzitsidwa pamodzi ndi malembo. Mfundo yaikulu ya kafukufukuyu ikukhudza ziyankhulo zonse zolembedwa ndi alifabeti: mwana ayenera kuyamba wamva kuti mau amagawika, asanamvetse chifukwa chimene malembo amaimira zigawozo. Chimene sitiyenera kutengera ndi zitsanzo zake, chifukwa zinapangidwira chiyankhulo cha maphatikizo osiyana ndi athu.

M'Chichewa maphatikizo ambiri amathera ndi lembo la liwu, ndipo akuluakulu amene anaphunzira ndi buku la Sosa amakumbukira kuloweza ndondomeko ya sa, se, si, so, su. Pulogalamu ya dziko lonse yolimbikitsa kuwerenga imene Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa mu 2016 inaikanso patsogolo kumva ndi kutchula maliwu. Pamene ana ambiri amapunthwa ndi pa maphatikizo a malembo atatu kapena anai. Dzina loti Linthipe lomwelo ndi chitsanzo: li ndi pe savuta, koma nthi ali ndi malembo anai oimira phatikizo limodzi. Apa mpamene mau a mvekero amathandizira koposa, chifukwa ambiri mwa maphatikizo ovutawa ali kale mau athunthu m'kamwa mwa mwana:

(8) ps: psuu
mb: mbee
ngw: ngwee
phw: phwa
thy: thyo
zy: zyoli

Mwana amene wapatsidwa phwa ngati mulu wa malembo anai opanda tanthauzo ayenera kungoloweza. Mwana amene wauzidwa kuti umu ndimo timalembera kusweka kwa mphika ali ndi pogwira. Kuchokera pa phwa angapite pa kuphwanya, phwando ndi phwetekere, ndipo potero mvekero wabereka chibwereza.

Njira yomweyo ithandiza pa maliwu otuluka ndi mpweya ndi opanda mpweya, amene kalembedwe kathu kamawasiyanitsa ndi lembo la h, kapena ndi t pa ch:

(9) kuponya, kuphonya
kukola, khola
kupala, phala
kucha, kutcha

Mwana aike chikhatho patsogolo pa kamwa potchula phu, ndipo adzamva mpweya umene h akuimira. Chomwechonso kusiyana kwa ng' ndi ng, kumene ngakhale akuluakulu amakusokoneza polemba, kungayambire pa ng'ani ndi ngwee, kenaka n'kufika pa ng'oma yoimba ndi ngoma nyama ya m'tchire.

Ndondomeko imene tikuganizira ndi iyi. Mphunzitsi ayambe ndi kuchita chinthu, monga kuthyola kamtengo, nafunse ana kuti chamveka bwanji. Mau amene ana apereka awatchule pamodzi, kenaka awalembe pa bolodi. Ana apereke mau ena oyamba chimodzimodzi. Pomaliza apeke chiganizo chao cha mtundu wa (5) kapena (7), chokamba za zinthu za kwao: kachewere, nyemba, ngolo, chigayo, msika. Zonsezi sizifuna chipangizo china kupatula choko ndi bolodi, ndipo zingachitike ndi ana ambiri nthawi imodzi. Mfundo imeneyi si yaing'ono, pakuti chilengezo cha maphunziro aulere a pulaimale cha mu 1994 chinadzaza makalasi koposa momwe mabuku ndi aphunzitsi akanakwanira.

6.0 ZOFUNIKA KUSAMALA

Sitikunena kuti masewera a maliwu ndiwo kuwerenga. Iwo amangotsegula khomo, ndipo mwana amene alibe choti awerenge akatuluka m'kalasi adzaima pakhomo pomwepo. Kupatula apo pali misampha inai.

Woyamba uli pa chibwereza cha agwirizanitsi. Popeza mwana amadziwa kale kuti pambuyo pa chimanga pabwera cha, angathe kutchula chiganizo chonse cha (5a) molondola osayang'ana malembo. Mphunzitsi ayese anawo posintha dzina, chimanga n'kukhala zipatso, kuti aone ngati diso likugwiradi ntchito.

Wachiwiri uli pa l ndi r. M'Chichewa awa si maliwu awiri osiyanitsa matanthauzo. Lamulo la kalembedwe limati tilembe r pambuyo pa e kapena i m'kati mwa mau, monga mu kulira ndi kulera, ndipo kwina konse tilembe l. Kufunsa mwana kuti asiyanitse l ndi r ndi khutu lokha ndi kumufunsa chimene chiyankhulo chake sichichita. Limeneli liphunzitsidwe ngati lamulo la cholembera.

Wachitatu uli pa kalembedwe ka mvekero. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 patapita zaka 4 Chichewa chisankhidwireni kukhala chiyankhulo cha fuko, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi. Komabe olemba amasiyana: wina alemba bi, wina bii, wina biii. M'nthano zolembera akuluakulu ufulu umenewu ndi wabwino. M'mabuku a oyamba kumene tikupempha kuti liwu lokokedwa lilembedwe ndi malembo awiri basi, kuti mwana apeze mau omwewo pa tsamba lililonse. Tikumbukirenso kuti kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, monga pa mtengo womera ndi mtengo wa malonda, choncho mphunzitsi ayenera kutchula yekha mau a mvekero aliwonse asanawalembe.

Wachinai uli pa kusiyana kwa madera. Mau a mvekero amasiyana malo ndi malo kuposa mau ena. Mwana akapereka mau amene mphunzitsi wochokera kwina sanawamvepo, asamudzudzule. Afunse anzake ngati amawadziwa, ndipo ngati atero, alembedwe.

7.0 MAU OMALIZA

Pali chifukwa china chochitira zimenezi chimene chikuposa kalasi. Mu 1996 G. Tucker Childs analemba kuti achinyamata oyankhula Chizulu a m'mizinda ya ku South Africa anali kusiya mau a mvekero, powaona ngati chizindikiro cha kumudzi. Maganizo otere ndi osavuta kumera paliponse pamene sukulu iphunzitsa, ngakhale mosanena, kuti chiyankhulo cholemekezeka ndi chimene chikufanana ndi Chingerezi. Chilengezo cha mu 2014 chakuti maphunziro ena onse aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1 chinachititsa kuti phunziro la Chichewa likhale ndi katundu wolemera koposa kale. Mwana akaona kuti psuu ndi tololo alibe malo pa bolodi, adzaphunzira kuti mau a agogo ake ndi osayenera kulembedwa, ndipo akadzakula adzalemba Chichewa chozizira.

Motero tikupempha zinthu zitatu. Aphunzitsi a m'sukulu za ku Linthipe ndi madera ena asunge kabuku kolembamo mau a mvekero amene ana amabwera nao, pamodzi ndi chiganizo chimene mauwo anatulukiramo. Olemba mabuku a Sitandade 1 ndi 2 asankhe mau oyambira maphatikizo ovuta kuchokera m'nkhokwe imeneyi. Ndipo makoleji ophunzitsa aphunzitsi aphunzitse mvekero ndi chibwereza kuchokera m'galamala ya Chichewa chenicheni. Timabuku ta aphunzitsi tikasonkhanitsidwa, tidzathandizanso ife a sayansi ya ziyankhulo kudziwa kuti ndi mau ati amene ali a dziko lonse, ndipo ndi ati amene ali a m'mbali mwa Linthipe mokha.